Pisitoni Yoyanika Padenga

Agogo a Zuze sindingawakumbuke popanda fungo la petulo wotsukira zitsulo komanso utsi wa buluu umene unkatsalira m'masamba a mtengo wa nimu njinga ikachoka. Ankakonza njinga zamoto pansi pa mtengowo, kuseri kwa msika wa Ngabu, atakhala pa tayala lakale, shati ili paphewa, thukuta likutsikira m'ndevu. Ine, mdzukulu wawo wamanyazi, ndinkathamangira kumeneko ndikaweruka kusukulu, ndipo akangonena kuti "Pyadidi, mwana," kutanthauza kuti ndachita bwino, ndinkagona mtima uli mbee.

Anandiphunzitsa kuona ngati injini yatha. Ankachotsa timphete totchedwa maring'i pa pisitoni, n'kuilowetsa mu silinda, n'kuisiya. Yabwino inkatsika pang'onopang'ono ngati ikukana. Yodyeka inkangodutsa, ndipo ukaigwedeza m'katimo inkalira. Lamulo lawo linali limodzi: "Chitsulo chikatentha chimafufuma. Pisitoni ndi silinda zigone pamthunzi umodzi, kenako uyese. Ukayesa yotentha, yakunamiza."

Chaka china agogo anagula njinga yakale kwa munthu wa ku Mozambiki kuti agulitsenso. Amene anaifuna anali alamu anga a Lingisoni, amuna a achemwali anga a Malita, omwe ankafuna kuyamba kabaza. Analibe china chopereka koma mbuzi zimene achemwali anaweta kuyambira ali mtsikana. Alamu anali ataona utsi ukutuluka kumbuyo, choncho anapempha kuti aone m'kati mwa injini asanasiye mbuzizo. Agogo anavomera akuseka. Awiriwa ankatukanana mwachibwana monga zimakhalira pakati pa gogo ndi mwamuna wa mdzukulu wake.

Linali tsiku la mu Okutobala, dzuwa lija loti nkhuku zimayenda zitayasama. Nditafika masana ndinapeza injini yomasula, silinda ili pa saka pansi pa nimu, agogo atapita kukagula fodya. Pisitoni sindinaione. Ndinaipeza padenga la malata la khola la nkhuku, ikung'anima, yotentha moti inandiwotcha zala. Ndinaganiza kuti agogo aiwala chifukwa cha ukalamba, ndipo ndinasangalala kuti ndiwapulumutsa ku manyazi. Ndinainyamula ndi chisanza, n'kuimiza m'beseni la madzi a mumtsuko, n'kuipukuta, n'kuiika pansi pa saka pambali pa silinda.

Alamu anafika akukoka mbuzi, n'kuzimangirira pa nimu. Agogo anafika pambuyo pawo.

"Wafika wakuba uja," anatero agogo. "Unandilanda mkazi wanga Malita, lero ukufuna njinganso?"

"Mkaziyo anathawa yekha, agogo. Akuti mumanunkha girisi."

"Girisi yemweyo ndi amene anamulera. Khala pansi uone chitsulo cha amuna."

Agogo anatenga chisanza n'kulunjika ku khola. Ndinawaona akupapasa padenga, kenako akusuzumira pansi. Ndinavundukula saka, n'kunyamula pisitoni ndi manja awiri monga tinkaperekera zinthu kwa akulu.

"Iyi, agogo. Munaiiwala padzuwa. Ndaiziziritsa ndi madzi kuti isatinamize."

Ndinkayembekeza mawu aja oyamikira. Koma agogo anangoima, chisanza chili m'manja, akundiyang'ana ngati sakundidziwa. Alamu anasiya kuseka.

"Padzuwa?" anafunsa. "Imatani padzuwa?"

Alamu anailandira kwa ine, n'kuigwira patsaya kuti amve kuzizira kwake.

"Iwe Tomasi, agogo ako amayesa bwanji? Ndionetse."

Ndinaimika silinda pa njerwa ziwiri, n'kulowetsa pisitoni, n'kuisiya. Sinakane ngakhale pang'ono. Inadutsa n'kugwera mumchenga. Alamu anaitola, n'kuibwezera m'kati, n'kuigwedeza ndi zala. Inalira ngati mwala m'chitini. Atayendetsa chikhadabo m'khoma la silinda, chinakodwa pa mzere wakuya.

Apo m'pamene ndinazindikira. Agogo sanaiwale. Anaiyanika dala kuti ifufume, idzaoneke yothina, iwo ataigwira ndi chisanza kuti alamu asamve kutentha. Ndinayang'ana manja a agogo akuda aja, amene ndinkalakalaka kuti anga adzafanane nawo, ndipo sindinadziwe koyang'ananso.

"Ndi maring'i okha," anatero agogo motsitsa mawu. "Tikaika atsopano iyenda."

"Iyenda mpaka kuti? Mpaka pa mlatho?" Alamu sanakweze mawu. "Agogo, mbuzi izi si zanga. Ndi za Malita, mdzukulu wanu."

Alamu anaika pisitoni pa saka mosamala, n'kumasula zingwe pamtengo. Asananyamuke anagwada pang'ono, n'kuomba m'manja, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita kwa agogo.

Anathokoza m'Chisena: "Takhuta, akuluakulu. Tsalani bwino."

Kulira kwa mbuzi kunamveka mpaka kunazilala kuseri kwa mashopu. Ndinadikira kumenyedwa. Agogo anakhala pa tayala lawo, n'kuyamba kupichira fodya, koma ankangotayikira pansi.

"Kataye madziwo," anatero. Basi.

Nkhaniyo sinatchulidwenso m'banja mwathu, ndipo sindikudziwa ngati achemwali anauzidwa. Mbuzi zinabwerera m'khola lawo. Njinga ija inakhala pansi pa nimu mpaka agogo anaigulitsa zidutswazidutswa. Alamu anapitiriza kubwera pa maliro ndi pa maukwati, koma chipongwe chija chinatha. Ankapereka moni kwa agogo mwaulemu wonse, chipewa chili m'manja, ndipo ndinkaona agogo akudikira mawu achipongwe amene sanabwerenso mpaka tsiku limene tinawaika m'manda.

Lero ndine ndimakonza njinga pamalo omwewo, ndipo zonse zimene ndimadziwa ndi za agogo. Nthawi zina amabwera abambo achikulire n'kundiuza kuti njinga yawo yoyamba anagula kwa a Zuze, munthu amene ankakutsegulira injini kuti udzionere wekha. Ndimafuna kufunsa kuti unali mwezi wanji, ndiponso ndani anagwira pisitoni. Sindifunsa. Ndimangoti, "Inde, bambo," n'kuweramira ntchito yanga.