Mbedza za Ababa

Ababa ankakhulupirira kuti mkazi akagwira nsungwi yowedzera, nsomba zimadziwa. Sankanena mwanthabwala ayi. Ndili mtsikana ndinadumphapo nsungwi yawo imodzi mwangozi ndikusesa pakhonde, ndipo tsiku lomwelo anaichotsa mbedza n'kuisandutsa mtengo wogwetsera mapapaya. Zinkandikwiyitsa, komanso zinkandipatsa chidwi. Nsomba ili phee pansi pa madzi a mtsinje wa Ruo, ingadziwe bwanji dzanja la munthu amene ali kumudzi?

Ukwati wanga utatha, mwamuna atanyamula bulangete lake kubwerera kwawo, pakhomo tinatsala awiri, ine ndi ababa. Amayi anali atatisiya kale. Ine ndinkathyola tiyi ku esiteti, ababa anali atapuma ntchito. Chimene chinawatsalira chinali khonde la sitolo ina ya ku Muloza, pamene owedza ankakumana Loweruka masana asanatsetserekere kumtsinje. Pakhondepo ababa akatsegula pakamwa, ena onse ankatseka.

Mwini sitoloyo anali Msilamu wofatsa, wosavula kofia. Ankagulitsa sopo, mchere, singano ndi parafini, koma mbedza ankazisunga m'chitini cha mabisiketi pansi pa kauntala, ngati n'zamtengo wapatali kuposa zonse. Ine ndinkapita ndi botolo la parafini, khadi la chipani nditalimanga pansonga ya chitenje kuopa anyamata a pachipata cha msika, ndipo ndinkachedwa dala kuti ndimve zimene amuna akuluakulu angakanganirane chonchi pa nkhani ya ndodo.

Ndipo ankakanganadi. Wina ankati mbedza za ku loja, sitolo ya ku Milanje, tsidya la malire, sizichita dzimbiri. Mwini sitolo ankayankha kuti sizichita dzimbiri chifukwa sizikhalitsa, mlamba ukangokoka zimawongoka ngati waya. Ababa ankati nsungwi yabwino ndi ya m'munsi mwa phiri, yodulidwa mwezi uli mumdima kuti isafumbwe. Uiwambe pamoto, uipachike pamtengo wa mango utamanga mwala kunsi, ikhale mwezi wathunthu. Yodula lero n'kuwedzera mawa ankaitcha ndodo yothamangitsira mbuzi.

Amene ankalimbana nawo kwambiri anali akuki ena a ku esiteti. Mzungu amene ankamuphikira, pobwerera kwawo, anawasiyira ndodo yolumikiza patatu, yokhala ndi kawilo kokulungira chingwe. Nsomba ikakoka, kawiloko kankalira kuti tititi. Ine ndinkakalakalaka kukagwira kuti ndione chimene chimalira m'kati, koma ndani akanandipatsa?

“Achimwene, ine ndimaponya mpaka tsidya lija,” ankadzitama akukiwo.

“Woponya tsidya lija ndiye kuti sadziwa pamene pali nsomba,” ababa ankayankha. “Ndiye kuliraku? Mukuziuziratu kuti mwafika.”

Maso a ababa anayamba kutha pang'onopang'ono. Ndinazindikira tsiku lina akuthira tiyi pambali pa kapu. Kenako anayamba kugula mbedza zikuluzikulu zokhazokha, n'kumalengeza pakhonde kuti zing'onozing'ono n'za ana. Lamulungu lina tikuchokera kutchalitchi anazimiririka, ndipo ndinakawapeza kuseri kwa nkhokwe. Anali atagwira mbedza pafupi ndi mphuno, akulasa chingwe pakabowo, chingwe chikungodutsa pambali. Chala chawo chinali ndi magazi. Ndinaima nthawi yaitali osandiona, ndipo ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo ngakhale tsiku limene mwamuna wanga anachoka.

“Ababa, bweretsani ndikulowetsereni.”

Anadzidzimuka n'kubisa mbedza m'manja. “Iwe, choka apa. Ukudziwa kuti sizitheka.”

“Singano ndimalowetsa tsiku ndi tsiku. Kabowo n'komweko.”

Anapukuta magazi pachala. Kenako anatambasula dzanja, nkhope atayang'ana kumbali. “Koma asamve munthu. Akamva aja, ine pakhonde paja ndatha.”

Ndinawamvetsa. Munthu amene wakhala zaka zonse akuphunzitsa anzake kuwedza, amveke kuti saona ndipo akumangiridwa mbedza ndi mwana wamkazi? Akanamusandutsa nthabwala ya chaka chonse.

Anandiphunzitsa mfundo yawo pogwira zala zanga. Kulowetsa chingwe, kuzunguliza kasanu ndi kawiri, kubwezanso nsonga, kunyowetsa ndi malovu, n'kukoka ndi mano pang'onopang'ono. Ndinafunsa chifukwa cha malovuwo. Anati nayiloni youma imadzipsereza yokha pomangika. Ndinafunsanso chifukwa chake kasanu ndi kawiri osati kasanu. Anati ndili ndi mafunso ambiri ngati wapolisi. Kuyambira pamenepo, Lachisanu lililonse ndikaweruka ndinkamanga mbedza khumi pa tizingwe tifupitifupi, n'kuzibaya pa phesi la chimanga. Iwo kumtsinje ankangolumikiza mopapasa.

Loweruka loyamba ndinadikira mtima uli m'mwamba. Anabwera ndi milamba iwiri ndi makumba angapo.

“Ababa, nanga nsombazi sizinamve dzanja langa?”

“Za chaka chino n'zopusa,” anatero, n'kulowa m'nyumba.

Kaphesi koyandama kamene owedza amayang'ana kuti adziwe ngati nsomba yadya nyambo, ababa sankakaonanso. Ndiye anakachotsa, n'kuyamba kukoleka chingwe pachala kuti azimva nsomba ikamagwedeza. Pakhonde anakanena kuti kaphesi n'ka aulesi, mmisiri amamva ndi chala. Anthu atatu anachotsa tawo sabata yomweyo. Ine ndinaluma nsonga ya chitenje kuti ndisaseke.

Ngakhale kuyenda tinali ndi njira yathu. Iwo patsogolo, nsungwi paphewa, mutu uli m'mwamba. Ine pambuyo ndi botolo langa, ndikunong'ona: “Mwala. Ngalande. Njinga kumanja.” Kumtsinje mapazi awo ankaidziwa okha njira. Tinatha mvula ziwiri tikuchita zimenezi.

Zinaululika chifukwa cha mlamba wa akuki aja. Loweruka lina anafika pakhonde ali wokhumudwa. Anati anakola mlamba waukulu ngati ntchafu, kawilo kanalira mpaka kutentha, koma atausendeza pafupi ndi gombe mfundo inamasuka, mlamba n'kupita ndi mbedza.

“Achimwene,” anatero kwa ababa, modzichepetsa kwa nthawi yoyamba, “zanu sizimasuka. Tandionetsani mmene mumamangira.”

Mwini sitolo, pofuna kuthandiza, anatulutsa chitini chija n'kusankha kambedza kakang'ono ndi nayiloni yopyapyala ngati tsitsi. Anaziika m'manja mwa ababa. Amuna onse anasendera pafupi.

Ine ndinali pakhomo pa sitolo, botolo lili m'manja. Ndinaganiza zoligwetsa kuti anthu atembenuke. Ndinaganiza zonama kuti mbuzi zalowa m'munda. Koma ndinachedwa. Ababa anapapasa kambedzako, n'kuyamba kulasa chingwe. Koyamba chinaphonya. Kachiwiri chinaphonya. Kachitatu anali akulasa kunsonga yakuthwa, kabowo kali pansi. Ndinaona mwini sitolo akuyang'ana pansi.

Ababa anatsitsa manja.

“Mwanawe, uli pati? Tabwera.”

Ndinagwada pambali pawo. Anandipatsa mbedza ndi chingwe pamaso pa onse. Ndinalowetsa kamodzi, n'kuzunguliza kasanu ndi kawiri, kunyowetsa, kukoka ndi mano. Mwamuna wina anasuntha nsungwi yake kuti italikirane nane.

“Maso anapita,” anatero ababa. “Mvula ziwiri tsopano, mbedza iliyonse imene mwaiona pa nsungwi yanga wamanga ndi uyu.”

Akuki anatenga mbedzayo, anaikola pa msomali wa pamzati n'kukoka mpaka chingwe chinawacheka chala. Mfundo sinasunthe.

“Nanga nsomba?” anafunsa. “Zimadyabe?”

“Simunandione ndikudutsa nazo?”

Mmodzi mwa amene anachotsa tiphesi aja anadzuka, atakwiya. “Ndiye za chala zija munkanena chifukwa choti simuona?”

“Eya. Koma chichotsereni kaphesi, mwagwira zambiri kapena zochepa?”

Munthuyo anakanda m'mutu. “Zambiri.”

“Ndiye khalani pansi.”

Woyamba kuseka anali mwini sitolo, kenako ena n'kutsatira, ngakhale si onse. Wosuntha nsungwi uja ananyamuka osatsanzika, ndipo sanadzafunsenso ababa kalikonse mpaka imfa yawo. Koma akuki anandiyang'ana, anayang'ana ndodo yawo ya mzungu, n'kundipatsa ndi manja awiri.

“Achemwali, tamangiraninso apa.”

Ndinamanga, koma sindinabweze msanga. Ndinapukusa kawilo kaja pafupi ndi khutu, n'kusuzumira pampata wa m'mbali. Chimene chinkalira chinali kachitsulo kakang'ono kokhudza mano a gudumu, basi. Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti muli zodabwitsa.

Tsiku limenelo ababa sanapite kumtsinje. Anakhala pakhonde mpaka dzuwa kupendeka, akuuza akuki kuti ngakhale mfundo ikhale yabwino, ndodo yolira ndi yolira basi, ndipo akuki ankatsutsa monga kale. Pobwerera anayamba kutsogola mwa masiku onse, ine pambuyo ndikukonzeka kunong'ona za miyala. Titangodutsa msika anaima. Anatsitsa nsungwi paphewa n'kundipatsa.

“Nyamula. Ndipo pita patsogolo, ndatopa n'kunamizira.”

Ndinaika nsungwi paphewa la kumanzere, iwo anaika dzanja lawo paphewa la kumanja. Tinayenda choncho mumsewu waukulu, anthu akutiona, mpaka kunyumba.