Mawu Anga pa Keke ya Wina

Anzanga, ine ntchito yanga ndi yolemba mawu pa makeke. Ndimakhala ndekhandekha m'kachipinda kakumbuyo kwa bekale, makasitomala sindiwaona n'komwe.

Tsiku lina uvuni unafa, kunabwera mnyamata wokonza zamagetsi. Atangogwira waya, magetsi anamumenya, anadumpha mpaka kugubuduza beseni la fulawa!

"Katswiri wake ndi ameneyu?" Ndinaseka mpaka misozi.

"Sekani achemwali, koma chipepeso chake ndi nambala yanu."

Kuyambira pomwepo ndinamupatsa dzina loti Shoko, chifukwa cha shoko ya magetsi ija. Chikondi chinayaka, osati masewera.

Kenako anapeza ntchito kutali. Tsiku lina pafoni ndinati, "Ndakusowa."

"Iwe, munthu amasowa ngakhale tchaja," anatero. "Ine ndakupukwa."

"Kusiyana kwake?"

"Kupukwa ndi pamene chakudya chikukana kutsika. Chitseko chikangoti gwa, mtima uli m'mwamba, ukuyesa ndi iyeyo. Mawu amenewa sindinauzepo munthu wina, serious."

Ndinakhulupirira, anzanga. Ndikaweruka ndinkakhala pabedi m'chipinda changa cha lendi, kumangowabwereza mawuwo, tiyi mpaka kuzizira.

Mafoni anayamba kuchepa. "Ntchito yachuluka, babe, kubwera sinditha." Ine kumangodikira.

Chomwe Shoko sankadziwa n'choti supamaketi yayikulu ya m'tauni siiphika makeke. Maoda awo amatumiza kwa ife.

Loweruka lina abwana analowa foni ili m'manja.

"Oda ya kusupamaketi iyi, mwiniwake akatenga yekha masana. Lemba kuti: Nesi wanga, ndakupukwa, chakudya sichikutsika. Wako Shoko." Anapukusa mutu. "Achinyamata inu, zonsezi zikwana pa keke?"

Ndiye kuti ali m'tauni momwemuno... Ndipo ngakhale dzina lomwe ndinamupatsa ineyo wakapereka kwa wina!

"Wadwala kodi?" anandifunsa abwana.

"Ayi bwana, kwangotentha."

Ndinalemba. Chilembo chilichonse ndinachilemba ndi dzanja langali, misozi ndikupukutira paphewa kuti isagwere pa kirimu.

"Lero ndiye wakongoletsa!" anatero abwana potseka bokosi.

Sindinamuimbire, nayenso sanaimbe. Madzulo ndinagula buledi, ndinangoluma kamodzi, wakana kutsika.

Zimandiwawa, anzanga. Munthu uja anandinamiza zambiri, koma tanthauzo la kupukwa ndiye sananame. Mpaka lero chitseko cha aneba chikati gwa, ine ndimadzuka.