Chakale Ndicho Chinavomera

Ine sukulu ndinalekeza nditangodziwa kulemba dzina langa, koma ndinabala mwana wamkazi wolankhula ndi kompyuta, ee, wolankhula ndi kompyuta! Atamulemba ntchito pa kafakitale kosoka masaka, ndinavina kuchokera pageti mpaka kwathu ku Kafue Estates, nthungululu zili pakamwa.

Zinali zaka zija boma likugulitsa mafakitale, salaula, zovala zakale zochokera kunja zija, atadzaza msika, amuna akubwerera kunyumba masana, kalata yowachotsa ntchito ili m'thumba. Kafakitale kawo nakonso kanapeza ogula. Iwo anati asunga anthu ochepa. Mwana wanga anamuuza kuti akonze pulogalamu yogawira antchito mashifiti, awaonetse Lachisanu. Ikayenda, atsala pantchito.

Lachisanulo anafika dzuwa lili paliwombo, nakhala pakhonde, nsapato osavula.

"Amai, yakana."

"Yakana bwanji, iwe? Sunaiphike bwino?"

"Chilankhulo cha makina chimabwera ndi zinthu zakezake, zili kale ndi maina. Ine ndinapanga changa chosunga tsiku ndi shifiti, osadziwa kuti pa makina atsopano a mabwana aja dzinalo lili ndi mwini. Nditaitana changa, chavomera chakale, chosadziwa shifiti. Onse chawaika m'mawa."

Ndinagwira pakamwa. Zimenezo ndimazidziwa ine, mbuli ine! Iyeyu tinamutcha dzina la apongozi anga iwo akadali moyo, m'nyumba imodzi. Ndikakalipira mwana kuti watayanso madzi, ankavomera ndi apongozi kuchipinda, nkhope itatupa. Tinachita kumuwonjezera dzina lina, nyumba n'kuzizira.

"Ukanandifunsa, mwanawe."

"Inunso amai! Za kompyuta ndifunse inu?"

Tinaseka, kuseka, mpaka kusekako kunatembenuka, aliyense akupukuta maso kumbali yake.

Kusintha dzina la m'pulogalamu lija, akuti, sikunatenge ngakhale nthawi yowiritsa tiyi. Lolemba analawirira nayo pulogalamu yokonzedwa, koma anapeza pepala la ochotsedwa atalimata kale pageti, dzina lake lili pomwepo. Mlonda, amene ankamupatsa moni tsiku ndi tsiku, anangoyang'ana pansi.

Mvula isanagwe ndinamuperekeza pamsewu waukulu kukakwera basi ya ku Botswana. Kumeneko akuti ndi katswiri, ee katswiri, ndipo kutchalitchi ndimawauza onse mpaka atatopa nane. Koma kuno wabwerako kawiri kokha: pamaliro a atate ake, ndi pamaliro a mlongo wake.