Tsiku Limene Ndinasintha Mutu wa Mtsutso

Ndinayambitsa ndine, ndipo mpaka lero sindinapepese. Mutu wa mtsutso wa Lachisanu kusukulu kwathu unali wa kudula mitengo m'Phiri la Zomba. Tulo tokhatokha. Lachitatu ndinamatula pepala la aphunzitsi pa bolodi n'kumatapo langa: "Uhule uvomerezedwe ndi lamulo kuti nkhanza zichepe." Aphunzitsi oyang'anira mtsutso anali kumaliro, ndiye akuluakulu anadzadzimuka holo itadzaza kale.

Mbali tinkachita kutola timapepala m'chipewa. Mtsikana wina wa ku Songani, wofatsa, anatola "kuvomereza". Anyamata tinakonzeka kuseka.

Otsutsa anati lamulo lotere lingakokere ana ambiri m'mabala, olemera n'kukhala eni mabalawo. Tinawomba m'manja. Kenaka mtsikana uja anaimirira wopanda pepala.

"Achemwali anga amagwira ntchitoyi ku Chikanda," anatero. "Bambo wina atawagulula dzino, achemwaliwo anapita kukadandaula kupolisi. Amene anatsekeredwa anali achemwali anga omwewo. Kaya lamulo lingathandize, sindikudziwa. Ndikungofuna akamenyedwa azikhala ndi kopita."

Palibe anaseka.

Lolemba, nthawi ya masamu, mlonda anagogoda pachitseko. "Akukufunani, abwana a mtsutso." Ananditsekera m'chipinda cha makasu kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko. Munalibe zenera, munkanunkha feteleza. Achiwiri kwa ahedi analowa katatu.

"Anakutuma ndi mtsikana uja eti?"

"Ayi sala, nzeru zanga ndekha."

"Ungovomera kuti ndi iye, ubwerera m'kalasi pompano. Wotereyu amawononga anzake, achoke."

"Sala, musandilande ulemu wanga. Ngakhale chule uja anapezeka m'ketulo ya aphunzitsi, ndinamuikamo ndinenso."

Ulendo wachitatu anabwera ndi chidutswa cha payipi. Sitinakambe zambiri.

Chilango changa chinali kuzula chitsa cha bulugamu kuseri kwa holo. Chinanditengera masiku anayi. M'mawa uliwonse ndinkachigwadira n'kuchipatsa moni ngati apongozi, a Fomu 1 akuseka pazenera.

Chitsa chinazuka Lachisanu, ndipo ndinauzidwa kuti ndamasuka. Mtsikanayo sanamuchotse sukulu, poti umboni panalibe. Koma anyamata anali atayamba kumufunsa mtengo wake pageti, ndipo nditabwerera m'kalasi ndinapeza padesiki pake palibe munthu. Sanabwerenso.

Matuza a m'manja anapola sabata imodzi yokha, chilango cha ana. Dzenje la chitsa chija sanalikwirire. Ndikamapita ku holo ndimadzera njira ina.