Dzina la Ba Chanda

Nkhani yanga yoyamba kutuluka m'kanyuzipepala ka akatswiri oyeza poizoni m'mitembo sinali yanga ndekha, ngakhale pali dzina limodzi.

Ana atatu a banja limodzi ku Chelstone anamwalira tsiku limodzi, ndipo zam'mimba mwawo zinabwera ku labu yathu m'mabotolo. Ndinayeza masiku anayi osapeza kanthu. Ba Chanda, bambo wachikulire amene ankatsuka zipangizo zathu, anangodutsa pafupi n'kuima.

"Ba Phiri, aka kafungo ni ka mankhwala ya makoswe," anatero, "yaja yamene bagulitsa mu tumapepala pa msika."

Ndinayezanso, ndipo zinalidi choncho.

Nditatumiza nkhaniyo, mkonzi anaimba foni kufunsa ngati panali wina woyenera kutchulidwa. Ba Chanda anali pomwepo, akupukuta tebulo. Ndinatembenukira kukhoma.

"Ayi, ndinagwira ndekha," ndinayankha motsitsa mawu. Kenaka ndinamutchulira dzina langa chilembo chimodzichimodzi, kawiri konse, kuti asaliphonye.

Chaka chomwecho kunabwera kuchepetsa antchito. Abwana anafunsa aliyense chimene angaonetse ngati umboni wa ntchito yake. Ine ndinanyamula kanyuzipepala kanga. Ba Chanda analibe pepala lililonse, ndipo anawachotsa.

Patapita miyezi ndinakumana nawo pa siteshoni ya minibasi ku Kabwata, ataonda, jekete likulendewera m'mapewa. Ndinafuna kubisala, koma anali atandiona kale.

"Ninaibelenga ija nkhani," anatero akundigwira dzanja. "Munalemba bwino maningi."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndipepese. Chimene chinatuluka chinali, "Zikomo, ba Chanda."