Phala la Bambo pa Supuni

Bambo atachita sitiroko, chimene chinkatiopsa sichinali mwendo umene unafa uja ayi. Chinali kumeza. Madzi pang'ono chabe ankawatsamwa mpaka maso kufiira, ndipo adokotala anatiuza mosabisa kuti zakudya zikamalowera kumapapo, tiwataya.

Ife tinkadziwa kuti wodwala amapatsidwa zamadzimadzi. Namwino wina wamfupi, wosaseka, anandikokera pambali. "Achemwali, chamadzimadzi chimathamanga, koma khosi la bambo anuwa likuchedwa. Tapani phala pa supuni, muipendeke. Likayenderera ngati tiyi, musawapatse. Likakakamira, musawapatsenso. Lizigwa lonse pamodzi, kuti phwa."

Titabwerera kwathu kwa Mavwere, supuni sinkachoka m'manja mwanga. Koma phala ndi lachinyengo, ndinalidziwa bwino chaka chimenecho. Ndikaliyesa kukhitchini linkagwa bwinobwino, koma pofika nalo pakhonde pamene Bambo ankakhala, limakhala litalimba kale. Ndikalitakasa mwamphamvu linkafewa, ndikalisiya kanthawi n'kugwirananso. Lothira nsinjiro ndiye linali ndi khalidwe lakelake. Tsiku lina ndinalira ndi ukali, munthu wamkulu kukalipira mbale.

Azakhali, alongo awo a Bambo, ankati ndikuzunza wodwala. Mmawa wina ndinawapeza akuthira madzi m'phalamo mobisa.

"Iwe, munthu angameze matopewa? Lizitsetsereka!" anatero.

Ndinawalanda mbaleyo, ulemu wonse nditaiwala. Bambo anali atameza kale kawiri, ndipo anatsokomola mpaka dzuwa kufika pamutu. Azakhali anangokhala pansi. Ndinawamvera chisoni, koma sindinapepese.

Kuyambira pamenepo ndinkayesera pakhonde pomwepo, Bambo akuona. Ndinkatakasa katatu, kutapa, kupendeka, ndipo likagwa bwino ndiye kuwapatsa nthawi yomweyo lisanasinthe maganizo. Pakati pa mbale ndinkayesanso. Azakhali anayamba kubwera ndi supuni yawoyawo, n'kumayesa nawo phalalo.

Nthawi yothyola fodya itakwana, tsiku lina ndinangomva supuni ikukanda pansi pa mbale. Phala linali litatha, ndipo Bambo sanatsokomole ngakhale kamodzi. Mtima unakhala pansi. Miyezi yonseyo, iwo akamameza, ine ndinkasiya kupuma.

Bambo anandiyang'ana, n'kukankha mbale ndi dzanja lawo limene linatsala labwino. Pakamwa pawo popotoka panatuluka mawu amodzi, ndipo ndinawamva bwinobwino.

"Onjezera."