Kingi wa Mitima Anatuluka Kawiri

Tsiku limene kingi wa mitima anatuluka kawiri pa masewera amodzi, mtsikana wina wosita zovala analakalaka nthaka itang'ambika n'kumumeza. Inu amene mwagwa mphwayi ndi zomwe mukuchita, khalani pansi ndikuuzeni za iyeyu.

Bambo ake anali telala. Kwa zaka makumi atatu, Loweruka lililonse masana, ankagawa makhadi pakhonde pawo. Anzawo anali atatu: ometa, adalaivala ndi aphunzitsi opuma ntchito. Sankabetcherana kanthu, kunali kucheza chabe, koma wogawa anali atelala basi, poti aliyense ankadziwa kuti munthuyo sangabe ngakhale singano.

Kenaka matenda ofa ziwalo anawagwira. Dzanja lamanja linauma, lilime linalemera. Akati asakanize makhadi, ankangowapulumuka n'kumwazika pansi. Anasiya kutuluka pakhonde, n'kumangokhala kuchipinda atayang'ana khoma.

Mwana wawoyo nthawi imeneyo anali ku koleji, kuphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Kudwazika matenda ndi kuwerenga sizinayendere limodzi. Mayeso analephera, ndipo anakapeza ntchito yosita pamalo ena ochapira zovala.

Kumeneko ankamutcha Kalota. Mwana ameneyu, abale! Ankatha kuima simbi ili m'mwamba, maso ali pa nthunzi, malaya a eni ake akudikira. Mu nthunzimo ankaonamo makhadi akuyandama, ofiira ndi akuda, akutembenuka pang'onopang'ono mpaka kukasowera kudenga. Ankaonamonso bambo ake atakhala pampando wawo, akuseka.

M'malotomo ndi momwe munachokera nzeru. Chala chachikulu chakumanzere cha bambo ake chinkagwira ntchito bwinobwino. Bwanji osalemba pulogalamu yoti iwo azingodina pa foni, makhadi n'kumapita okha m'mafoni a anzawo? Miyezi itatu, nthawi yopuma masana, ankakhala pa chidebe chovundikira kuseri kwa makina ochapira, kalaputopu kakale kali pamiyendo. Khadi lililonse analipatsa nambala yake, kuyambira wani mpaka fifite-thuu. Kompyuta inkangotola nambala mwachisawawa, ndipo nambala imene yatuluka ndiyo khadi la munthu.

Anawanyengerera bambo ake mpaka anavomera. Loweruka linafika, madoda anakhala pakhonde, atelala anadina. Makhadi anapita. Masewera ali mkati, ometa anaponya kingi wa mitima. Adalaivala anayang'ana foni yawo, n'kuitembenuza kuti onse aone. Nawonso anali ndi kingi yemweyo.

"Aa, atelala!" anatero ometa. "Mwayamba liti kusoka makhadi anuanu?"

Anali macheza, ndipo onse anaseka. Atelala okha sanaseke. Anafufuza ndodo yawo, n'kudzikoka mpaka kulowa m'nyumba. Ali pakhomo anayankhula movutikira: "Sindidzagawanso."

Kalota analira, ndipo sindikubisirani, analira ngati kamwana. Mayeso anali atamukana kale, tsopano anali atachititsa manyazi munthu amene ankafuna kumudzutsa. Ankadziwa kuti akapanda kukonza, bambo ake sadzapondanso pakhonde paja.

Sabata ziwiri ankangowerenga zomwe analemba, mzere ndi mzere, osaona cholakwika. Nambala zinkatuluka mwachisawawa ndithu, monga anafunira. Nanga vuto linali pati? Kuntchito nthunzi inkamuonetsa makingi awiri akuyenda limodzi, ndipo tsiku lina anangotsala pang'ono kupsereza siketi ya kasitomala.

"Iwe Kalota, bwerera kuno kudziko!" anakuwa abwana ake.

Lamlungu m'mawa analowa kuchipinda kwa bambo ake atanyamula makhadi akale aja, apepala, othothoka m'mbali. Anakhala pansi pafupi ndi bedi.

"Ababa, ine ndauma mutu. Ndionetseni mmene munkagawira. Osati pa foni, pamanja."

Atelala anatambasula dzanja lamanzere, n'kusolola khadi limodzi pakati pa mulu, n'kuliponya pa bulangeti.

"Limenelo lili kuti?"

"Lili pabedi, ababa."

"Mumulumo atsala angati?"

"Fifite-wani."

"Nanga iwe amayi, foni yako imati atsala angati?"

Apa ndi pomwe Kalota anazindikira. Pulogalamu yake inalibe mulu! Inkatola nambala pakati pa wani ndi fifite-thuu, kenaka n'kutolanso pakati pa wani ndi fifite-thuu yemweyo, ngati munthu wogawa khadi n'kulibwezera mumulu mwini wake akuona. Khadi lotuluka silinkachoka. Chinthu chomwe dzanja la wogawa aliyense limachita osaganiza n'komwe, iye sanauze makina.

Masana omwewo analembanso. Anayamba ndi mndandanda wa makhadi onse. Kompyuta ikatola limodzi, inkalichotsa pamndandandapo, ndipo ulendo wotsatira inkatola pa otsala okha. Mulu unkachepa mpaka kutha, monga umachitira m'manja mwa munthu.

Koma ulendo uno sanathamangire pakhonde. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anauza kompyuta igawe maulendo chikwi, n'kumawerenga ngati pali khadi lotuluka kawiri. Panalibe. Poyesa pomwepo anatulukiranso msampha wina: akatseka pulogalamu n'kuitsegulanso, makhadi ankabwera omwe aja, mundondomeko yomwe ija. Apa anakumbukira zomwe anaphunzira ku koleji, zoti kompyuta siidziwa kuchita mwachisawawa payokha. Imayambira pa nambala imodzi imene amaitcha mbewu, ndipo ukaipatsa mbewu yomweyo imakubwezera zokolola zomwezo. Anaiuza kuti mbewuyo izitenga pa nthawi ya wotchi, yomwe siibwerera m'mbuyo.

Chovuta chinatsala chimodzi, kuwatulutsa bambo ake. Anakana Loweruka loyamba, anakananso lachiwiri. Loweruka lachitatu, Kalota anangoika foni pabedi n'kunena kuti: "Ababa, yesani nokha. Mukapeza khadi lotuluka kawiri, ndiponya laputopu m'madzi."

Atelala anadina tsiku lonse. Ankawerenga ndi chala, milomo ikugwedera. Dzuwa likupendeka anaitana mwana wawo.

"Kawauze anzanga aja abwere. Ndipo ometa abwere ndi pakamwa pawo pomwe paja."

Anabweradi. Atelala anakhala pampando wawo, malaya ositidwa bwino, n'kudina. Ometa atayang'ana makhadi awo anagwira mutu.

"Kalanga ine! Awa ndi makhadi kapena zinyalala? Atelala, mwandilodza!"

Atelala anaseka. Kunali kuseka kwa mbali imodzi ya nkhope, koma kunamveka mpaka kumsewu. "Ponyani, achimwene," anatero. "Wagawa ndine."

Kalota anali ataima pazenera, akupukuta maso ndi nsonga ya malaya. Aphunzitsi opuma aja, amene anali atamva mmene anayesera pulogalamuyo, anamuona, ndipo masewera atatha anamukokera pambali.

"Mwanawe, munthu wolephera sayesa chinthu maulendo chikwi. Ukalembenso mayeso aja."

Anakalembadi chaka chotsatira, akusitabe zovala, ndipo anakhoza. Lero amalemba mapulogalamu mu ofesi ina ya mazenera akuluakulu, ndipo akamaphunzitsa anzake atsopano amayamba ndi kuwapatsa makhadi apepala m'manja kuti agawe kaye.

Tsono inu amene mwalakwitsa anthu akuona, n'kusekedwa, ndikudziwa mmene zimawawira. Mwina si nzeru imene yakucheperani. Mwina pali kanthu kamodzi kakang'ono kamene simunakaone, ndipo amene angakuonetseni ali m'nyumba mwanu momwemo, wangokhala chete. Lowani, khalani pansi, funsani. Mukatero bwererani pa ntchito yanu, muyese, muyesenso. Mtima wanuwo musautaye, mukadali nawo ntchito.